Mtima Wopemphapempha: Zomwe Nyimbo Zachikondi Zimatiphunzitsa Mosazindikira



Phunziro la lero tiliyamba ndi kantchito kakang'ono. Ganizirani nyimbo yachikondi imene yakhala ikukuzungulirani m'mutu masiku ano. Musakane kuti palibe, chifukwa ngakhale amene simusunga nyimbo m'foni mumazimvabe mu minibasi, kometetsa, pa chinkhoswe cha kwa aneba kapena pa status ya mnzanu. Tengani pepala mulembe mawu ake onse. Kenako muwawerenge mokweza popanda gitala ndi ng'oma, ngati mukuwerenga kalata imene wina walembera mnzake. Mwina museka poyamba. Koma mukafika pakati muona kuti nyimbo zambiri zotere ndi pempho la munthu amene waika moyo wake m'manja mwa munthu mnzake. Akamuvomera ndiye kuti apuma, akamukana ndiye kuti zake zada.

Tigwirizane chinthu chimodzi tisanapite patali. Nkhani ya lamulo la nyimbo ndi zida zoimbira ma Ulama adaikamba kwambiri, ambiri adaletsa, ena adaloleza poika malire. Imeneyo kafunseni ma Sheikh anu, akuyankhani ndi maumboni ake. Ife lero tikuyang'ana mawu okha: akunena chiyani, amagwira bwanji ntchito, nanga amasiya chiyani mumtima mwa amene akuwabwereza tsiku ndi tsiku.

MNYAMATA AMENE ANATAYA DZINA LAKE

Nyimbo zamtunduwu sizinayambe ndi ma studio a masiku ano. Chitsanzo chake chotchuka kwambiri chinachokera kwa Aarabu. Amati chakumapeto kwa zaka za m'ma 600, mu ulamuliro wa Banu Umayya, kudera la Najd kunali mnyamata dzina lake Qays ibn al-Mulawwah wa fuko la Banu Amir. Anakonda mtsikana wa fuko lomwelo dzina lake Layla. Qays anali katswiri pa ndakatulo, ndipo anayamba kumutchula Layla m'ndakatulo zake mpaka nkhani inawanda ponseponse. Pa chikhalidwe cha nthawi imeneyo izi zinali zochititsa manyazi banja la mtsikana, moti atapita kukafunsira mbeta, bambo a Layla anakana n'kumukwatitsa kwa mwamuna wina.

Qays mutu unasokonekera. Anachoka pamudzi n'kumangoyendayenda m'chipululu, zovala zitang'ambika, akulakatula za Layla basi. Anthu anamupatsa dzina loti Majnun, kutanthauza wamisala, ndipo mpaka lero amadziwika kuti Majnun Layla, wamisala wa Layla. Taonani zimenezo. Dzina limene bambo ake anamupatsa linaiwalika, n'kuyamba kudziwika ndi dzina la mkazi amene sanakhale naye n'komwe.

Pali kachigawo kena ka nkhaniyi kofunika kukaganizira. Bambo ake ataona kuti mwana akutha, anamutengera ku Makka kuti akagwire nsalu ya Ka'ba apemphe Allah amuchotsere matendawa. Iye atafika anapempha zosiyana, kuti chikondi chake pa Layla chionjezekere. Mapeto ake anapezeka atafa yekhayekha kuchipululu.

Nkhaniyi ndi ndakatulo zake zinasungidwa m'buku la Abu al-Faraj al-Isfahani, amene anamwalira cha m'ma 967. Bukulo dzina lake ndi Kitab al-Aghani, kutanthauza Buku la Nyimbo, ndipo maziko ake anali nyimbo 100 zimene akatswiri oimba anasankhira Khalifa Harun al-Rashid. M'buku lomwelo muli mawu a anthu ena akale amene ankakayikira ngati Qays analikodi. Koma kaya analiko kaya ayi, mawu ake anaimbidwa, ndipo anayenda. Mu 1188 mlakatuli Nizami wa mumzinda wa Ganja, umene lero uli ku Azerbaijan, anailemba nkhaniyi mwa ndakatulo yaitali m'Chiperezi. Kuchokera apo inafalikira m'zilankhulo zina monga Chiteki ndi Chiurdu, mpaka m'mafilimu a ku India.

Inafikanso ku England. Woimba gitala wotchuka Eric Clapton anapatsidwa buku la Nizami pa nthawi imene iye ankafuna Pattie Boyd, mkazi wa mnzake wapamtima George Harrison wa gulu la The Beatles. Anadziona yekha mwa Majnun, ndipo mu 1970 anatulutsa nyimbo yotchedwa Layla ndi gulu lake la Derek and the Dominos. Nyimbo yonseyo ndi ya munthu wochonderera kuti amveredwe chifundo. Pattie analemba yekha m'buku la mbiri yake la mu 2007 kuti atakana kuthawa naye, Clapton anamuopseza kuti ayamba mankhwala a heroin, ndipo anayambadi, nakhala zaka zingapo ali kapolo wa mankhwalawo. Pambuyo pake mu 1979 anakwatirana. Ukwatiwo unadzaza ndi mavuto a mowa ndi kusakhulupirika, ndipo patatha zaka pafupifupi 10 unatha.

Majnun sanamupeze Layla, anathera kuchipululu. Clapton anamupeza wake, koma mtendere sanaupeze. Nyimbo zija mbali yachiwiriyi sizimatiuza, zimathera pomwe munthu akupempha.

MMENE MAWU AMAGWIRIRA NTCHITO

Tsopano bwererani ku pepala lanu lija. Pali zizindikiro zinayi zimene mungazifufuze m'nyimbo ya Chichewa, Chiyao, Chiswahili, Chingerezi ngakhale Chiarabu.

Choyamba, woimba amasiya kukhala mwininkhani. Mukukumbukira ku pulayimale tinkaphunzira za mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani. Munthu amene akuyendetsa moyo wake amati ndikupita, ndasankha, ndaganiza, ndadikira. Ka "ndi" kali kutsogolo, iye ndi amene akuchita. M'nyimbo zodandaula ka "ndi" kamasamukira pakati: wandisiya, wandiiwala, wandipweteka, undiyankhe, usanditaye. Wochita ndi winayo, woimba wangokhala pothera nkhani. Werengani aneni onse amene ali pa pepala lanu muone kuti ndi angati amene woimba akuchita yekha kanthu kupatula kulira ndi kudikira. Munthu akazolowera kuyankhula chonchi amayamba kuganizanso chonchi, kuti chimwemwe chake ndi chinthu chimene wina amamupatsa kapena kumulanda.

Chachiwiri, wokondedwa amafanizidwa ndi zinthu zimene munthu sangakhale moyo popanda izo. Amatchedwa mpweya, madzi, dzuwa, mankhwala, dokotala. Sanenedwa kuti ndi mnzanga wabwino kapena munthu wamakhalidwe, ayi, amakwezedwa kufika pa chinthu choti chikachoka munthu afa. Chitsanzo chachikulu ndi nyimbo ya Umm Kulthum wa ku Egypt ya mu 1964 yotchedwa Enta Omri, mutu umene ukutanthauza kuti munthu winayo ndiye moyo wonse wa woimbayo. Anaipeka Mohammed Abdel Wahab pa mawu a Ahmed Shafiq Kamel, ndipo ganizo lake lalikulu ndi lakuti masiku onse amene anadutsa asanakumane ndi wokondedwayo anangopita pachabe. Ndi mawu okoma m'khutu. Koma tafunsani: mayi amene anakuyamwitsani, bambo amene anagulitsa mbuzi kuti mulipire fizi, madrasa imene munaphunzirako, anzanu amene munakula nawo, zonsezo zinali zachabe mpaka tsiku limene wina anakumwetulirani?

Chachitatu, nyimbo zimabwereka mawu a ibada. Mumva za kugwada, kulapa, kupempha chikhululuko, kulumbira, mngelo, paradizo, ukapolo. Yesani izi: tengani kolasi ya nyimbo yodandaula, fufutani dzina la mtsikana kapena mnyamatayo, muwerengenso. Nthawi zambiri chotsalacho chimafanana ndi duwa. Muli kuvomereza kufooka, muli kupempha chifundo, muli mantha otayidwa, muli lonjezo lomvera chilichonse. Apa sitikunena kuti aliyense wong'ung'udza nyimbo wachita shirk, tisafulumire kuweruzana. Kukokomeza ndi chizolowezi cha alakatuli kuyambira kale. Koma lilime ndi mphunzitsi wa mtima. Mawu amene anayenera kupita kwa Yemwe sagona, satopa ndipo sasintha, tikumawapereka kwa munthu amene foni yake imatha batire, amene amakwiya, amaiwala, ndipo tsiku lina adzamwalira.

Chachinayi, kuvutika kumatengedwa ngati umboni wa chikondi. Woimba amadzitama kuti sakudya, sakugona, waonda, ntchito yamukanika. Uthenga wobisika ndi wakuti amene akuvutika kwambiri ndiye akukonda kwambiri, ndipo amene wakanidwa n'kupitiriza moyo wake bwinobwino ndiye kuti sankakonda. Nyimbo zina zimafika pouza winayo kuti chilichonse choipa chikachitika mlandu ndi wake. Kumeneko ndi kuopseza kovala zovala za chikondi, chimodzimodzi zija anachita Clapton kwa Pattie.

Ndiye mwina wina afunsa kuti, koma aise, si nyimbo chabe? Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti kolasi imabwerezedwa kanayi m'nyimbo imodzi, ndipo inu mumaimvera kasanu pa tsiku. Ndiye kuti mawu omwewo alowa m'khutu ka 20 pa tsiku, ka 600 pa mwezi. Tikamaliza Swala timachita tasbih ka 33 chifukwa tikudziwa kuti kubwereza kumakhazika chinthu mumtima. Ana a ku madrasa amaloweza alif, ba, ta poimba, ndipo ife tomwe tinaloweza masiku a pa sabata ndi miyezi ya pa chaka poimba. Chimene chalowa ndi kayimbidwe sichifunsa chilolezo pakhomo la nzeru. Munthu wina atakuuzani pamaso kuti ndinu wopanda pake pokhapokha wakutiwakuti akukondeni, mungakangane naye. Koma akakuimbirani, mumavomera kolasi.

KODI KUSOWA MUNTHU N'KULAKWA?

Ayi ndithu, ndipo apa timvetsetsane bwino, chifukwa ena akamva phunziro ngati ili amaganiza kuti Msilamu wabwino ndi wouma mtima. Mu Surat Yusuf, ma aya 84 mpaka 86, tikumva za Mneneri Ya'qub (AS) amene analira mwana wake Yusuf mpaka maso ake anachita kuyera ndi chisoni. Ana ake ena anamudzudzula kuti adzidwalitsa kapena kudzipha nako kukumbukira. Iye anawayankha kuti madandaulo ake ndi chisoni chake akuzipereka kwa Allah. Ya'qub anapukwa zaka zambiri, koma sanataye chiyembekezo, sanasiye kukhala bambo wa ana otsalawo, ndipo aya yotsatira ikumuonetsa akuwatuma kuti apite akafufuze. Kupukwa kunalipo, koma kunali ndi kopita.

Mtumiki Muhammad (SAW) naye ankamukumbukira mayi Khadija (RA) zaka zambiri atamwalira. Akapha mbuzi ankatumiza nyama kwa anzake a Khadija, mpaka mayi Aisha (RA) ananena okha kuti ankachita nsanje ndi mkazi amene sanakhale naye pa mitala. Ndipo Amr ibn al-As (RA) atafunsa Mtumiki kuti munthu amene amamukonda kwambiri ndani, iye anatchula Aisha poyera, osachita manyazi.

Ngakhale ma Ulama adalemba za chikondi. Ibn Hazm wa ku Cordoba, amene anakhala kuyambira 994 mpaka 1064, analemba buku la mitu 30 lotchedwa Tawq al-Hamama lofotokoza chikondi ndi zizindikiro zake. Iye ananena kuti chikondi pachokha chipembedzo sichichinyoza, poti mitima ili m'manja mwa Allah. Koma m'buku lomwelo muli mutu wonena za kugonjera, m'mene akufotokoza kuti munthu waukali ndi wosamva za ena, akangogwa m'chikondi, amasintha chikhalidwe chake chonse kuti chifanane ndi zofuna za wokondedwayo. Ndipo bukulo analitseka ndi mitu yonena za kuipa kwa tchimo ndi ubwino wodzisunga.

Chichewa chathu chili ndi liwu limodzi lotithandiza pano. Timati ndakusowa. Timatinso mbuzi yasowa. Kusowa munthu ndi umunthu. Vuto limayamba pamene pomusowa winayo, iwe mwini wasowa, osapezekanso ku sukulu, ku mzikiti, pakhomo pa makolo ako, ngakhale m'maganizo ako omwe.

MALIRE ALI PATI?

Ibn al-Qayyim, amene anamwalira mu 1350, m'buku lake la Al-Da' wa al-Dawa', kutanthauza Matenda ndi Mankhwala, anafotokoza kuti chikondi chili ndi masitepe. Chimayamba ndi mtima kungokodwa pang'ono, n'kumakula, mpaka sitepe yomaliza imene Aarabu amaitcha tatayyum, ndipo iye anati tanthauzo lake ndi ukapolo, kudzipereka kwathunthu modzichepetsa. Sitepe imeneyi ndi ya Allah yekha. Mphunzitsi wake Ibn Taymiyya m'buku la Al-Ubudiyya ananena zofanana, kuti mwamuna mtima wake ukakodwa mwa mkazi, amakhala mkaidi wake ngakhale kunja akuoneka ngati bwana, ndipo ukapolo wa mtima ndi woopsa kuposa ukapolo wa thupi. Izi zikugwiranso kwa mlongo amene mtima wake wakodwa mwa mwamuna.

Nkhani imene ikuonetsa malirewa bwino ndi ya Mughith ndi Barira, yomwe ili mu Sahih al-Bukhari kuchokera kwa Ibn Abbas (RA). Barira anali kapolo amene mayi Aisha anamugula n'kumumasula. Mwamuna wake Mughith anali kapolo. Atamasulidwa, Barira anapatsidwa ufulu wosankha kukhalabe pa banjalo kapena kuchoka, ndipo anasankha kuchoka. Mughith ankamutsatira pambuyo m'misewu ya Madina akulira, misozi ikuyenderera pa ndevu. Akanakhala woimba wa masiku ano, bwenzi atatulutsa chimbale chathunthu.

Mtumiki (SAW) ataona izi anauza amalume ake a Abbas (RA) za kudabwa kwake ndi kukula kwa chikondi cha Mughith pa Barira ndi kukula kwa kumukana kwa Barira. Sanamuseke Mughith, sanamunene kuti ndi wofooka. Anamumvera chisoni mpaka anapita kukamupemphera kwa Barira kuti abwerere. Barira anafunsa ngati limeneli linali lamulo. Mtumiki anayankha kuti akungopembedzera chabe. Barira anati ngati zili choncho, iye sakumufunanso Mughith. Nkhani inathera pomwepo, Mtumiki sanamukakamize.

Muli maphunziro atatu m'menemu. Misozi ya wokanidwa ndi yeniyeni ndipo iyenera chifundo. Misozi imeneyo siimupatsa munthu ufulu pa mtima wa mnzake. Ndipo ngati kupembedzera kwa Mtumiki wa Allah sikunatembenuze mtima wa Barira, ndiye kuti mavoice note anu 15 a pakati pa usiku sangautembenuze mtima umene Allah sanautembenuze. Nyimbo zimatiuza kuti ukalira mokwanira, ukapirira mokwanira, ukadzitsitsa mokwanira, winayo adzasintha. Hadith iyi ikutiuza kuti nthawi zina yankho ndi ayi, ndipo moyo umapitirira.

MTENGO UMENE TIKULIPIRA

Izi si nkhani za m'mabuku zokha. Tikuziona pakati pathu. Mnyamata amatenga ngongole ya katapila kuti agule foni ya mtsikana, poopa kuti akapanda kutero asiyidwa. Mlongo amatumiza zithunzi zimene mtima wake ukuzikana, chifukwa wauzidwa kuti akakana ndiye kuti sakonda, kenako zithunzi zomwezo zimasanduka chingwe chomumangira. Wophunzira wa Fomu 4 amakhala mpaka 2 koloko usiku akuyang'ana ngati uthenga wake wawerengedwa, mayeso a MSCE ali pakhomo, Fajr n'kumudutsa ali mtulo. Wina amavula hijab, wina amasiya anzake abwino, wina amayamba kunama kwa mayi ake, zonsezi kuti munthu mmodzi asakhumudwe. Ndipo tonse tamvapo za achinyamata amene anadzichotsera moyo chibwenzi chitatha. Inna lillahi wa inna ilaihi raji'un.

Sitikunena kuti nyimbo ndi imene imachititsa zonsezi. Pali umphawi, pali kusungulumwa, pali mabala a kunyumba amene munthu amakula nawo. Koma nyimbo imapereka mawu ku bala limenelo, n'kulipatsa dzina lokongola. Munthu amene anayenera kunena kuti ndikuopa kukhala ndekha ndipo ndikufuna thandizo, amati ndili m'chikondi chenicheni.

Komanso kudalira chivomerezo cha munthu sikuthera pa zibwenzi. Mtima womwewo ndi umene umachotsa chithunzi pa Facebook chifukwa ma like achepa, umene umasintha mayankhulidwe kuti gulu likulandire, umene umalephera kukana bwana akakutuma zachinyengo. Imam Tirmidhi anasunga malangizo amene mayi Aisha analembera Mu'awiya (RA) kuchokera kwa Mtumiki (SAW). Tanthauzo lake ndi lakuti amene afuna chiyanjo cha Allah ngakhale anthu akwiye, Allah amamukwanira pa za anthuwo, koma amene afuna chiyanjo cha anthu pokwiyitsa Allah, Allah amamusiya m'manja mwa anthu omwewo. Kusiyidwa m'manja mwa anthu ndi chilango chowawa, chifukwa chimene chawasangalatsa lero mawa chawatopetsa.

NDIYE TITANI?

Choyamba, phunzirani kumva mawu. Nyimbo iliyonse imene yakukakamirani m'mutu muifunse mafunso atatu. Wochita ndani m'nyimboyi? Woimbayu akuti atsala ndi chiyani winayo akachoka? Kodi mawu amenewa ndingawanene pamaso pa mayi anga, kapena ndingakonde kuti mchemwali wanga aziwakhulupirira? Chimene mwachiona bwinobwino mphamvu yake pa inu imachepa.

Chachiwiri, mtima ukasweka musauthirire mchere. Munthu wokanidwa amathamangira ku nyimbo zachisoni poganiza kuti zikumumvetsa. Zimamumvetsadi, koma sizimutulutsa, zimangomuzunguliza pamalo amodzi ngati ng'ombe ya pachingwe. Masiku oyambirira amenewo chotsani mahedifoni. Pitani ku Swala ya jamaa, khalani ndi anthu, gwirani ntchito ya manja, werengani Surat Yusuf ndi tanthauzo lake pang'onopang'ono.

Chachitatu, bwezerani ka "ndi" kutsogolo. M'malo moti wandisiya, yesani kunena kuti ndakhumudwa, ndikupirira, ndaphunzirapo, ndikupitiriza. Zikumveka zazing'ono, koma munthu amayamba kuima pamene wayamba kuyankhula ngati woima.

Chachinayi, ngati mukumufunadi munthu, dutsani pakhomo. Uzani akuluakulu, ankhoswe akumane, nkhani ya nikah ikambidwe poyera. Chikondi chobisika ndi chimene chimakula mopotoka, chifukwa chimadya zongoganizira. Majnun ankakonda Layla wa m'mutu mwake, amene sakalamba, sadwala, sakwiya. Layla weniweni akanakhala munthu wamba wofuna ndiwo, sopo ndi ulemu. Mukafunsira n'kukanidwa, chitani istikhara pa zotsatira, landirani yankho mwaulemu, musamuipitsire mbiri mwana wa eni.

Chachisanu, yang'aniranani. Mnzanu akayamba kuika ma status onena za imfa, kutsanzika, kapena kuti moyo ulibenso phindu, musaseke n'kuika ka emoji. Muimbireni, mupiteni, mukhale naye, ndipo muuze wamkulu amene mumamukhulupirira, kaya kholo, Sheikh, mphunzitsi kapena achipatala. Ndipo iwe m'bale wanga, iwe mlongo wanga amene ukuwerenga izi mtima uli zilonda, usakhale wekha nazo. Lankhula ndi munthu lero lomwe. Ululu umene ukuumvawo ndi weniweni, koma umatha, ngakhale panopa sukukhulupirira.

Ulemerero wako sunayambe tsiku limene munthu uja anakuuza kuti amakukonda, choncho sungathe tsiku limene wasiya kuyankha. Qur'an mu Surat Al-Isra aya 70 ikutiuza kuti Allah anawalemekeza ana a Adam. Ulemu umenewo unaupeza usanadziwe kuyankhula, ndipo palibe amene angaufufute ndi batani la block.

Kantchito kaja musakaiwale. Lembani mawu a nyimbo ija, muwerenge aneni ake, muone kuti ka "ndi" kali pati. Mukapeza kanthu kokudabwitsani, kakambiraneni ndi anzanu mukakumana pa darsi sabata ino.

Tikupempha Allah atipatse mitima yodziwa kukonda popanda kugwa ukapolo, achiritse onse amene mitima yawo yasweka, awapatse achinyamata athu mabanja a mtendere ndi chifundo, ndipo chiyanjo Chake achiike patsogolo pa chiyanjo cha wina aliyense m'mitima mwathu. Ameen.

Allah ndiye Wodziwa kwambiri.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.